KUCHOKERA PA TIKITI YA THANGATA KUFIKA PA KOMPYUTA: ZIMENE NDINAPHUNZIRA KWA NCHILAMWELA

Pa msonkhano wathu wa chaka chatha, titangomaliza kudya, mnyamata wina amene wangotsiriza kumene maphunziro a makompyuta anandikokera pambali. Anati, "Bambo, ndamva kuti inu munayamba kale ntchito yoyang'anira makompyuta. Ine ndikuyamba mwezi wa mawa. Kodi ndichenjere ndi chiyani?" Ndinamuyankha mwachidule chifukwa anzanga a galimoto anali kundidikira, koma funso lakelo ndinapita nalo kunyumba. Tsono a Mkonzi atandikumbutsa kuti papita zaka ndisanalembeko kanthu m'kalata yathu ino, ndinaona kuti mpata ndi womwewu. Ndimuyankha mnyamatayo pamaso pa nonsenu, ndipo mundikhululukire chifukwa yankho langa liyambira kutali, ine ndisanabadwe.

Ntchito imene ndikunenayi pa Chingerezi amati system administrator. Ameneyu ndi munthu woonetsetsa kuti makompyuta a pa kampani akuyaka, akulumikizana, ndiponso kuti zimene zasungidwamo sizikutayika kapena kusinthidwa ndi munthu wosayenera. Ine ndinaiyamba pa esiteti ina ya tiyi m'dera la Mfumu Nchilamwela, kufupi ndi boma la Thyolo, komwe ndi kwathu kwenikweni. Dzina la esitetiyo sinditchula, pakuti zolakwa zimene ndisimbe pano ndi zanga.

TIYI AFIKA KU THYOLO

Ife ana a ku Thyolo timakula tikuona ngati tiyi anamera yekha m'mapirimu, koma mbeu imeneyi ndi yobwera. Mu 1878 Jonathan Duncan, amene anali wosamala dimba pa Mishoni ya Blantyre, anayesa kudzala tiyi koma sanaphuke. Mbeu ina inabwera mu 1886, ndipo pa mitengo yowerengeka imene inapulumuka ndi pomwe Henry Brown, mlimi wochokera ku Ceylon, anatenga njere nakadzala ku Mulanje mu 1891. Nthawi imeneyo a ku Kenya anali asanayambe n'komwe kudzala tiyi wawo. Poyamba Azungu a minda anadalira khofi, koma khofi atawagwiritsa mwala, ena anatembenukira ku fodya ndi thonje, ena ku tiyi.

Ku Thyolo kuno, kumene atsamunda ankalemba kuti Cholo, tiyi anafika cha m'ma 1908. Minda inakula pang'onopang'ono. Maclean Kay anayamba esiteti ya Satemwa mu 1923, ndipo banja la a Conforzi lochokera ku Italy nalo linatsegula minda yake. Eni minda anapanga bungwe lawo mu 1934, ndipo mu 1966 kunakhazikitsidwa bungwe lofufuza za tiyi limene likulu lake liri ku Mimosa m'boma la Mulanje.

Tiyi ndi mbeu yofuna manja ambiri. Wothyola amatenga masamba awiri ndi kamphukira kake, kuponya mu mtanga umene wabereka kumsana, tsiku lonse. Kuti papezeke kilogalamu 1 ya tiyi wouma pamafunika makilogalamu 4 kapena 5 a masamba aawisi. Ndiponso masambawo sadikira: akathyoledwa ayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, kuti akafotetsedwe, kugayidwa, kusiyidwa kuti asanduke ofiira, kenaka kuumitsidwa. Mvula ikayamba, kuchokera mu December mpaka cha mu April, tiyi amaphuka ngati wapenga, ndipo esiteti imalemba anthu ambirimbiri a kanthawi. Kumene kuli anthu ambiri chotere, payenera kukhala wina wolemba kuti uje wagwira zakuti, uje alandira zakuti. Mbiri ya ntchito yanga ikuyambira pamenepo.

TIKITI NDI BUKU LA KALALIKI

Agogo anga aamuna anali Mlomwe. Anaoloka malire kuchoka ku Mozambique ali mnyamata, kuthawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, monga anachitira anthu ambiri amene lero adzaza Thyolo, Mulanje ndi Phalombe. Atafika kuno anapeza kuti malo ambiri ali m'manja mwa makampani, chifukwa cha zikalata za umwini zimene boma la Harry Johnston linapereka m'zaka za m'ma 1890. Kuti munthu amange khumbi ndi kulima kamunda pa malo oterewa, ankayenera kulipira ndi thukuta lake. Imeneyi ndiyo thangata. Liu limene makolo ankatchulira kuthandizana kwa pa mudzi linasanduka dzina la goli.

Agogo ankakonda kutisimbira za tikiti. Munthu ankapatsidwa kapepala kokhala ndi mipata ya masiku a mwezi, ndipo madzulo alionse kapitawo ankachonga mpata umodzi. Mwezi umodzi unali wa lendi, wina wa msonkho. Koma ngati kapitawo wanena kuti mgwazo wa tsikulo sunathe, tsikulo silinkachongedwa. Motero mwezi wa pa tikiti unkatha kutalika mpaka masabata 6 kapena kupitirira, uku munda wa kunyumba ukumera tchire. Agogo sankadziwa kuwerenga, choncho ankamanga mfundo pa luzi tsiku liri lonse limene agwira ntchito. Ankati, "Luzi langa ndi tikiti ya bwana sizinagwirizanepo, ndipo nthawi zonse wonama linali luzi."

Mkwiyo wa thangata ndi umodzi mwa zimene zinabutsa nkhondo ya John Chilembwe mu January 1915 ku Chiradzulu. Unabukanso kwathu konkuno mu August 1953, pamene chipolowe chinayambira m'minda ya ku Thyolo pa nthawi imene anthu ankakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Thangata anathetsedwa ndi lamulo mu 1962, patatsala zaka 2 kuti dziko lilandire ufulu.

Thangata atatha, tikiti inalowedwa m'malo ndi sikelo ndi buku. Mai anga anathyola tiyi zaka zambiri, ndipo ine ndikukumbukira ndikuwaperekeza pa sikelo nthawi ya tchuthi. Mtanga unkakolekedwa, kalaliki n'kuyang'ana muvi, n'kufuula nambala ya munthu ndi makilo ake, n'kulemba. Mapepala a m'minda yonse ankapita ku ofesi, kumene akalaliki ankawalowetsa m'mabuku aakulu a zikuto zolimba, n'kuwonkhetsa, kuchotsera za ngongole ndi zina, mpaka kupeza malipiro a munthu aliyense pa fotinaiti. Fizi yanga ya ku sukulu yathu ija inkadutsa m'mabuku amenewo. Ambiri a inu amene mukuwerenga kalatayi, yanunso inadutsa momwemo.

NDILOWA NTCHITO

Ndinapita ku yunivesite ku Zomba pa nthawi imene dziko linali kugwedezeka. Kalata ya maepiskopi inawerengedwa pa 8 March 1992, anthu anavota pa riferendamu pa 14 June 1993, ndipo chisankho cha zipani zambiri chinachitika pa 17 May 1994. M'zaka zomwezo, pa Chancellor College, Dr Paulos Nyirenda ndi anzawo anayamba kutumiza ndi kulandira makalata a pa kompyuta kudzera pa lamya, mwa njira yotchedwa Fidonet. Ife ophunzira tinkaona ngati tsogolo lonse latsekeredwa m'kachipinda kamodzi, ndipo ife ndife tinali ndi kiyi.

Ndinamaliza mu 1995 ndipo chaka chotsatira ndinalembedwa ntchito pa esiteti ija. Anzanga anapita ku mabanki a ku Blantyre ndi ku maofesi a ku Lilongwe, nandiseka kuti ndikubwerera kutchire. Ine sindinadandaule. Ndinapatsidwa nyumba ya malata ndi njinga yamoto, ndipo mai anga anayenda m'mudzi monse kuuza anthu kuti mwana wawo walowa mu ofesi imene iwo ankangoiona pa windo polandira malipiro.

Chuma chimene ndinapatsidwa kuti ndisamale chinali ichi: kompyuta imodzi yaikulu yoyendera Novell NetWare, makompyuta ena 5 a MS-DOS olumikizidwa ndi chingwe chimodzi chodutsa m'mbali mwa khoma, ndi pulintala ya singano imene ikayamba kulira anthu ankasiya kulankhula. Makalata tinkalembera WordPerfect, masamu Lotus 1-2-3, ndipo malipiro ankayendera pulogalamu ya dBase imene anaisiya munthu wina wa ku Blantyre popanda buku lofotokoza. Chingwe chija chikangomasuka malo amodzi, makina onse ankaleka kuonana, ndipo ine ndinkakwawa pansi pa matebulo kufunafuna pomwe chamasukira. Chiyambireni pamene kwacha inasiyidwa kuti idzipezere yokha mtengo mu February 1994, chitsulo chiri chonse choitanitsa kunja chinakwera mtengo, kotero kuti kupempha chatsopano kunali ngati kupempha ng'ombe.

Mu ofesimo munali akalaliki aakulu, bambo wa imvi amene anayamba ntchito ine ndisanabadwe. Ankavala jekete ngakhale kutenthe, ndipo zolembera zitatu zinkakhala pa thumba: yabuluu, yofiira ndi pensulo. Tsiku loyamba anandipatsa moni ndi manja awiri nati, "Takulandirani, a Kompyuta." Dzinalo linandikakamira mpaka m'minda. Ine ndinkawalemekeza pakamwa, koma mumtima ndinkawaona ngati munthu amene nthawi yake yatha. Patangotha miyezi yowerengeka ndinalembera abwana kalata yonena kuti kulemba m'mabuku aakulu kuleke, popeza kunali kugwira ntchito imodzi kawiri. Abwana anavomera. Akalaliki aakulu atamva sanatsutse. Anangofunsa kuti, "Mwana wanga, makina akowa akadzadwala, anthu adzadya chiyani?" Ine ndinatsegula kabati n'kuwaonetsa bokosi la madisiki. Ndinawauza kuti Lachisanu liri lonse ndimakopera zonse m'menemo, ndipo palibe chimene chingatayike. Iwo anagwedeza mutu nabwerera pa tebulo lawo.

USIKU WA ZIPHALIWALI

Zinachitika mu December chaka chomwecho, sabata ya malipiro a Khirisimasi isanafike. Tiyi anali ataphuka kwambiri, ndipo m'buku la antchito munali maina oposa 1,000. Lolemba madzulo kunagwa mvula ya mkuntho, ya ziphaliwali zija timazidziwa ife a m'mapiri. Ine ndinali nditaweruka, koma ndinasiya kompyuta yaikulu ikuyaka kuti imalize kuwonkhetsa, ndiponso sindinazule chingwe cha lamya. M'mawa mwake ndinapeza mu ofesi mukununkha chopserera. Ndinayatsa makina, koma anangoti zii.

Sindinachite mantha msanga. Ndinatenga bokosi langa la madisiki n'kupita pa kompyuta ina yaing'ono imene inapulumuka. Disiki iri yonse inkanyamula 1.44 MB yokha, choncho zonse zinkagawika pa madisiki 9 otsatizana, ndipo imodzi ikakana ndiye kuti zonse zakana. Yoyamba inawerengeka, yachiwiri chimodzimodzi. Yachisanu ndi chimodzi inalira kwee, kwee, n'kuima. Nditaitsegula kachitseko kake ndinaona timadontho toyera. Inali nkhungu. Kabati ija inatsamira khoma limene chinyontho cha chiperoni chinkadutsa, ndipo ine ndinakhala ndikukopera pa madisiki omwewo sabata ndi sabata, osayesako ngakhale tsiku limodzi kuona ngati zokoperazo zingabwerere. Aphunzitsi athu ku Zomba anatiuza zimenezi momveka bwino, koma ine ndinazisunga ngati yankho la pa mayeso chabe.

Ndinakhala pansi thukuta liri kamukamu ngakhale kunja kunkazizira. Malipiro anali Lachisanu. Ndinaganiza za anthu 1,000 ataima pa windo, ena atachokera ku Phalombe ndi ku Mozambique, akudikira ndalama ya ulendo ndi ya mpunga wa ana. Ndinaganizanso za mai anga, kuti adzayenda bwanji m'mudzi.

Akalaliki aakulu anabwera naima kumbuyo kwanga. Sanandifunse kanthu. Anapita pa tebulo lawo, natsegula diloo ya pansi, natulutsa mabuku awiri aakulu okutidwa ndi pepala la pulasitiki. Miyezi yonse ija, ife titaweruka, iwo ankatsala ndi akalaliki awiri achinyamata n'kumalowetsa makilo a tsiku liri lonse m'buku monga kale, pamodzi ndi ngongole ndi zotsalira za munthu aliyense. Anaika mabukuwo patsogolo panga nati, "Lira pang'ono, ukamaliza tiyambepo. Ine ndiziwerenga, iwe uzitaipa."

Pulogalamu yeniyeniyo inapezeka pa disiki ina imene mwini wake uja anasiya. Tinaiika pa kompyuta yaing'ono, ndipo tinagwira ntchito usana ndi usiku masiku atatu. Magetsi akathima tinkapempha a ku fakitale kuti atipatseko moto wa jenereta. Iwo ankawerenga nambala ndi makilo ndi liu lomwe lija la pa sikelo, ine ndikutaipa, akalaliki ena akutiphikira tiyi. Lachinayi pakati pa usiku pulintala inayamba kulira, ndipo sindinamvepo nyimbo yokoma ngati imeneyo. Lachisanu anthu analandira. Abwana atafunsa chimene chinachitika, akalaliki aakulu anangoti, "Mphenzi, bwana, koma mnyamatayu walimbikira." Za nkhungu ndinakaulula ndekha Lolemba, chifukwa zinkandisowetsa tulo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto: mwambi umenewu tinauloweza m'kalasi ya Chichewa, koma tanthauzo lake ndinalimvera mu ofesi imeneyo.

KOPE LA MNZANGA WA M'KALASI

Mukadakhala kuti nkhani inathera pamenepo, bwenzi ndikuisimba moseka. Koma Lolemba lomwelo, mlonda anadzandiuza kuti pakhomo pali mai wina wothyola tiyi amene akukana kuchoka. Nditatuluka ndinapeza mai atavala thumba la pulasitiki pamwamba pa chitenje, monga amachitira othyola nthawi ya mvula, mwana ali kumbuyo. Anagwada nati, "Pepani bwana, makilo anga aperewera."

Ndinamuyankha mau amene ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Ndinati, "Mai, kompyuta sinama."

Anadzutsa nkhope nandiyang'ana, ndipo pamenepo ndinamuzindikira. Tinali limodzi Fomu 1 ndi Fomu 2 pa sukulu yathu yomweyi. Ankakhala kutsogolo, ndipo pa masamu ankatiposa tonse. Anasiya sukulu bambo ake atamwalira, fizi itasowa. Ena a inu a chaka chathu mwamukumbukira kale, koma dzina lake lisungeni mumtima. Iye anandizindikira kalekale, koma anasankha kunditchula bwana.

Anapisa m'chitenje natulutsa kope lakale, lopindika ndi chinyontho. M'menemo analemba tsiku liri lonse ndi makilo amene kalaliki anafuula pa sikelo, m'mizere yoongoka, n'kuwonkhetsa pansi. Anati, "Iwe, masamu tinaphunzira limodzi. Tawonkhetsa wekha." Ndinawonkhetsa, ndipo anali wolondola. Ndinatenga buku la akalaliki aakulu, ndipo linagwirizana ndi kope lake. Cholakwa chinali m'kompyuta. Usiku wina wa kutaipa kuja, maso atalemera ndi tulo, ndinatembenuza manambala awiri a nambala yake ya ntchito, ndipo makilo ake a masiku atatu anapita kwa munthu wina.

Ndinapepesa, ndipo ndalama yake inabwezedwa pa fotinaiti yotsatira. Koma fotinaiti yotsatirayo inali mu January. Khirisimasi inali itadutsa, ndipo kuti ana ake adye anakatenga katapila, amene chiwongola dzanja chake kampani sikanamubwezera. Ndinafuna kumupatsa ya m'thumba mwanga, koma anakana. Anati, "Sindinabwere kudzapempha. Ndinabwera kudzatenga zanga."

Usiku umenewo ndinakumbukira luzi la agogo. Zaka zonse zija ndinkamva nkhani ya tikiti ndikudziika kumbali ya agogo, osadziwa kuti tsiku lina ine ndi amene ndidzakhale ndi cholembera m'manja. Kapitawo ankati tikiti sinama, ine ndinati kompyuta sinama. Kusiyana kwake kunali kwakuti iye ankachonga munthu mmodzimmodzi akumuona m'maso, pamene ine ndikanatha kulakwira anthu 1,000 nthawi imodzi ndisanadzuke pa mpando.

Kuyambira pamenepo ndinasintha kagwiridwe ka ntchito. Zokopera zinakhala mitundu itatu, yosungidwa malo osiyana, ina mu sefa ya ku fakitale kumene kunali kouma. Mwezi uli wonse ndinkatenga tsiku limodzi kuyesa kubwezeretsa zonse pa kompyuta ina. Mabingu akayamba, zingwe zonse zinkazulidwa. Munthu aliyense mu ofesi anapatsidwa mau achinsinsi akeake, kuti zidziwike amene wasintha kanthu. Ndipo chachikulu, tinayamba kusindikiza makilo a munthu aliyense n'kukawapachika pa sikelo masiku awiri malipiro asanafike, kuti wodandaula adandaule ndalama isanalowe mu envulopu. Nzeru imeneyi inachokera kwa akalaliki aakulu. Mabuku awo anapitirira mpaka tsiku limene anapuma ntchito, ndipo sindinalembenso kalata yowaletsa.

ZAKA ZOTSATIRA

Zinthu zinathamanga kuposa mmene tinkaganizira. Mu 1997 kampani ya MalawiNet inayamba kugulitsa intaneti m'dziko muno, ndipo posakhalitsa mitengo ya pa msika wa tiyi wa ku Limbe inayamba kutipeza pa kompyuta m'malo modikira mthenga. Msika wakale wa tiyi wa ku London, umene unakhala zaka zoposa 300, unatsekedwa mu June 1998. Chaka cha 1999 tinachithera tikusanthula mapulogalamu akale amene ankalemba chaka ndi manambala awiri okha, poopa kuti 2000 ikakwana adzasokonezeka. Dziko lonse lapansi linali pa ntchito yomweyo, ndipo usiku wa chaka chatsopano ine ndinauchezera mu ofesi anzanga akuvina.

Lamya za m'manja zinayamba ndi TNM mu 1995, ndipo Celtel, imene pambuyo pake inadzakhala Zain kenaka Airtel, inabwera mu 1999. Lero kapitawo amayenda ndi lamya m'thumba. M'minda ina muli masikelo amene amalemba okha makilo, ndipo anthu ambiri amalandirira ku banki kapena pa lamya. Madisiki aja ana a lero sanawaonepo. Ku Ndata, m'boma lathu lomwe lino, yunivesite ya sayansi ya MUST inalandira ophunzira ake oyamba mu 2014, kotero kuti mwana wa ku Thyolo angathe kuphunzira za makompyuta akuona minda ya tiyi pa windo.

Koma adani anga akale sanafe. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo dziko linakhala mu mdima wa kuthimathima kwa miyezi yambiri. Mu March 2023 namondwe Freddy anakokolola midzi, milatho ndi mapolo ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi kwathu kuno, natenga miyoyo ya abale athu ambiri. Amene anasunga zokopera zawo m'chipinda chimodzi ndi makina anaphunzira zimene ine ndinaphunzira ndi nkhungu. Kwaonjezekanso mdani watsopano, mbala zolowera pa intaneti, ndipo boma linakhazikitsa lamulo la za chitetezo cha pa makompyuta mu 2016 ndi lina loteteza mbiri za anthu mu 2024. Zimene kale zinali nkhani ya chikumbumtima cha kalaliki, tsopano ndi nkhani ya ku khoti.

YANKHO LANGA KWA MNYAMATA UJA

Tsono mphwanga, amene unandifunsa kuti uchenjere ndi chiyani, tamvera. Makina amene ukawapeze ndi oposa anga kutalitali, ndipo zambiri za iwo ukudziwa kuposa ine. Pa zimenezo sindingakuphunzitse. Koma zitatu izi usaziiwale.

Choyamba, zokopera zimene sunayese kuzibwezeretsa usaziwerengere kuti uli nazo. Ziyese nthawi ya mtendere, usadikire tsiku la mphenzi.

Chachiwiri, pa malo ali onse amene ukalowe ukapeza munthu wachikulire amene sadziwa makina koma amadziwa ntchito. Ukhale naye pansi, umufunse chifukwa chake zinthu zimachitika mmene zimachitikira, usanathamangire kuzisintha. Safunsa anadya phula.

Chachitatu, dziwa chimene chiri m'kati mwa makinawo. Pa galasi uziona manambala, koma nambala iri yonse ndi mtanga umene munthu anabereka pa mvula, kapena mankhwala a wodwala, kapena fizi ya mwana. Ntchito yathu njobisika. Ikamayenda bwino palibe amene amakutchula, ndipo uli ndi kiyi yolowera pali ponse popanda wokuona. Adzabwera ena kudzakunong'oneza kuti uonjezere dzina apa, ufufute ngongole apo, mugawane. Kumbukira kuti mpando umene wakhalapowo unakhalidwa kale ndi kapitawo wa tikiti ndiponso ndi kalaliki wa buku, ndipo uyenera kusankha kuti ufanane ndi uti. Munthu wosauka akadzabwera ndi kope lake kudzati makilo aperewera, usadzamuuze kuti kompyuta sinama. Udzamupatse mpando, muwonkhetse limodzi.

Akalaliki aakulu aja anatisiya zaka zapitazo, ndipo ndinali nawo pa gulu lonyamula bokosi lawo. Mnzanga wa m'kalasi uja ali moyo. Anasiya kuthyola tiyi msana utayamba kuvuta, ndipo amagulitsa nthochi ndi mapeyala m'mbali mwa mseu wa ku Limbe. Mwana amene anali kumbuyo tsiku lija anadzaphunzira pa sukulu yathu yomweyi, ndipo lero ndi mphunzitsi wa masamu. Ndikaima pa malo ake ogulitsira amandipatsa moni kuti, "A Kompyuta, kodi makina aja anasiya kunama?" Ine ndimayankha kuti makinawo sananamepo, wolakwa ndinali ine, ndipo amandionjezera nthochi ziwiri za basera.

Ndikupereka moni kwa a chaka chathu onse, kulikonse kumene muli. Amene muli ndi mbiri za ntchito zanu, musaumire nazo, zitumizeni kwa a Mkonzi kuti achinyamata athu atolepo kanthu. Tionane pa msonkhano wa chaka chino.